Kusamalira tzdata pa Linux ndi FreeBSD kuti kompyuta isamaphonye nthawi ya mayiko ena

Lachisanu pa 28 Epulo 2023, dziko la Egypt linakankhira mawotchi ake patsogolo ndi ola limodzi. Kwa zaka zingapo m'mbuyomo, ikakwana 10 koloko ku Lilongwe, ku Cairo inkakhalanso 10 koloko, moti ife amene tinkagwira ntchito ndi anzathu a kumeneko tinali titazolowera kusawerengera chilichonse. Sabata yotsatira, seva ina imene ndinkaisamalira inatumiza uthenga woitanira anthu ku msonkhano wa pa intaneti, n'kuuza a ku Cairo kuti alowe 10 koloko ya kwawo. Analowadi, ife tikadali ndi ola lathunthu, anadikira, n'kuchokapo. Nditafufuza ndinapeza kuti wotchi ya sevayo inali yolondola mpaka pa sekondi. Chimene chinakalamba ndi tzdata.

Kompyuta ya Linux imawerenga nthawi yake mu UTC, nthawi ya muyezo imene mayiko onse amawerengerapo nthawi zawo, ndipo mapulogalamu ngati chrony kapena systemd-timesyncd amaonetsetsa kuti kuwerengako kusatsalire kapena kuthamanga. Koma iwowa sadziwa kuti ku Blantyre kapena ku Cairo ndi nthawi yanji. Zimenezo zili mu tzdata, limene lili ngati kaundula wa zimene boma lililonse linalamula pa nkhani ya nthawi. Kaundulayu anamuyamba Arthur David Olson m'zaka za m'ma 1980, kuyambira 2011 amasungidwa ndi bungwe la IANA, ndipo amene akutsogolera ntchito yomukonza ndi Paul Eggert. Boma lina likasintha lamulo, iwo amatulutsa kaundula watsopano, dzina lake n'kukhala chaka ndi chilembo: 2024a, 2024b, 2025a, choncho.

Mwina mukuti, kuno kwathu nthawi sitisinthasintha, ndiye tivutikirenji? N'zoona, Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe tonse tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse. Koma makina athu amalankhula ndi anthu akutali. Ngakhale mu Africa momwe muno zinthu zasintha kangapo posachedwapa: Namibia inasiya kubweza mawotchi m'nyengo yozizira mu 2017, Sudan inabwera pa nthawi yofanana ndi yathu pa 1 Novembala 2017, South Sudan inatsatira pa 1 Febuluwale 2021, ndipo Morocco inayamba kubweza wotchi ndi ola limodzi m'mwezi wa Ramadan, umene tsiku lake loyambira limasuntha chaka ndi chaka. Maboma enanso salengeza nthawi ikadalipo. Mu Malichi 2023 boma la Lebanon linasintha tsiku lokankhira mawotchi kutangotsala masiku awiri okha, kenako n'kusinthanso maganizo, moti 2023a, 2023b ndi 2023c zinatuluka m'sabata imodzi, pa 22, 23 ndi 28 Malichi.

Yambani ndi kuona zimene makina anu ali nazo

Tsegulani terminal mulembe:

```
timedatectl
```

Pa mzere wa Time zone payenera kuoneka Africa/Blantyre ngati muli ku Malawi, Africa/Lusaka ku Zambia, Africa/Maputo ku Mozambique. Dzina la Lilongwe musalifune, mulibe. Okonza kaundulayu amatenga mzinda wa anthu ambiri m'dziko, ndipo pamene ankasankha dzinali Blantyre ndiyo inali patsogolo. Ku gwero la IANA, Africa/Blantyre ndi dzina longolozera ku Africa/Maputo poti nthawi zathu zakhala zofanana kwa zaka zambiri. Ngakhale zili choncho, ine ndimalangiza kusankha dzina la dziko lanu, chifukwa tsiku limene limodzi mwa mayikowa lidzasinthe lamulo, mayinawo adzawalekanitsa, ndipo inu mudzakhala muli kale pa mzere woyenera. Seva zambiri zimasiyidwa pa UTC mwadala, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Ngati dera ndi lolakwika, konzani:

```
sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre
```

Pewani dzina la Etc/GMT+2. Mu mayina amenewa chizindikiro chinatembenuzidwa, moti Etc/GMT+2 ndi maola awiri kumbuyo kwa UTC, ndipo mudzapezeka mwasiyana ndi nthawi ya kwanu ndi maola anayi.

Kenako onani fayilo iyi:

```
ls -l /etc/localtime
```

Iyenera kuonetsa kamuvi koloza ku /usr/share/zoneinfo/ ndi dzina la dera lanu. Kamuviko kakapanda kuoneka, ndiye kuti winawake anakopera fayiloyo pamanja kalekale, ndipo ngakhale muike tzdata yatsopano, makinawo adzapitiriza kuwerenga yakaleyo. Kulemba set-timezone ngati pamwambapa kumakonza zimenezi.

Tsopano funsani kuti tzdata imene muli nayo ndi ya liti. Pa makina ambiri amakono mzere umodzi uwu ndi wokwanira:

```
head -1 /usr/share/zoneinfo/tzdata.zi
```

Fayiloyo ikasowa, funsani phukusi lenilenilo. Pa Debian, Ubuntu ndi Linux Mint lembani `apt policy tzdata`, pa Fedora, Rocky Linux ndi AlmaLinux `rpm -q tzdata`, pa Arch `pacman -Q tzdata`. Lembani penapake nambala imene mwaiona, muifananize ndi imene ili pa iana.org/time-zones. Mukasiyana ndi chilembo chimodzi patangopita masiku ochepa chitulukire chatsopanocho, musade nkhawa, osamalira Linux yanu akukonza. Mukasiyana ndi chaka, ntchito ilipo.

Ikani yatsopano

Apa sipachedwetsa. Pa Debian ndi Ubuntu:

```
sudo apt update
sudo apt install --only-upgrade tzdata
```

Pa Fedora ndi abale ake a Red Hat, `sudo dnf upgrade tzdata`. Pa Alpine, `apk upgrade tzdata`. Pa Arch chitani `sudo pacman -Syu` yonse, chifukwa kumeneko kukweza phukusi limodzi lokha kumabweretsa mavuto ena. Phukusili silifika ngakhale megabayiti imodzi, choncho pa Debian, Ubuntu kapena Fedora bandulo yanu siyivulala.

Pa Debian pali msampha umodzi. Kusintha kwa tzdata kumabwera msanga kudzera m'nkhokwe ya updates, monga bookworm-updates pa Debian 12. Amene anafufuta mzere umenewu mu /etc/apt/sources.list amadikira mpaka Debian itatulutsa zosintha zake zazikulu, zimene zimatenga miyezi. Onetsetsani kuti mzerewo ulipo. Chinanso, pa Ubuntu 24.04 ndi Debian 13 mayina akale monga US/Eastern anawasamutsira mu phukusi lina lotchedwa tzdata-legacy. Pulogalamu yakale ikayamba kudandaula kuti dera silikupezeka mutangokweza makina, ikani phukusi limenelo, kapena chabwino koposa, sinthani dzinalo likhale America/New_York.

FreeBSD imasunga kaundulayu m'kati mwa dongosolo lake lenilenilo, osati mu phukusi lapadera, choncho njira yake ndi iyi:

```
freebsd-update fetch install
tzsetup -r
```

Mzere wachiwiriwo umaikanso /etc/localtime kuchokera pa zatsopanozo. Musaudumphe.

Nanga makina amene alibe intaneti, ngati a kusukulu kapena kuchipatala cha kumudzi? Pitani pa kompyuta ina ya Debian kapena Ubuntu wofanana ndendende ndi wa makinawo, lembani `apt download tzdata`, ikani fayilo ya .deb pa flash, ndipo mukafika kumeneko lembani `sudo dpkg -i` ndi dzina la fayiloyo.

Musangokhulupirira, yesani

Chida choyesera ndi zdump. Chimaonetsa mphindi yeniyeni imene dera linasintha nthawi:

```
zdump -v -c 2023,2024 Africa/Cairo
```

Pa makina a tzdata yabwino muona mzere wonena kuti pa 27 Epulo, 22:00:00 UT, ku Cairo inali 01:00:00 ya Lachisanu pa 28 Epulo, ndi mawu akuti isdst=1. Pa seva yanga ija mizere imeneyi panalibe, ndipo apa ndi pamene ndinadziwira gwero la vuto. Mungayesenso ndi zosintha zina zodziwika. `TZ=Asia/Almaty date` iyenera kuonetsa +05, chifukwa Kazakhstan inakhala pa nthawi imodzi dziko lonse kuyambira pa 1 Malichi 2024. Fayilo ya America/Coyhaique, ya chigawo cha Aysén ku Chile, ikapezeka mu /usr/share/zoneinfo, ndiye kuti muli ndi 2025b kapena yatsopano kuposa pamenepo.

Samalani polemba mayinawa. Mukalakwitsa chilembo, `date` sidandaula, imangokupatsani nthawi ya UTC mwakachetechete, ndipo mukhoza kuganiza kuti tzdata yawonongeka pamene vuto ndi kalembedwe.

Mukakhutira, yambitsaninso mapulogalamu amene akhala akuyenda kwa nthawi yaitali. Ambiri amawerenga malamulo a nthawi poyamba pokha n'kuwasunga m'mutu. Woyamba kumukumbukira ndi cron, poti ndi amene amadzutsa ntchito za usiku: `sudo systemctl restart cron` pa Debian, `crond` pa Fedora ndi Red Hat. Ngati mungathe kuzimitsa makina onse n'kuwayatsanso popanda kusokoneza anthu, imeneyo ndiyo njira yosasiya kanthu.

Kumene tzdata ina imabisala

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulitengere mtima, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Tikaona kuti `date` ikulondola timapukuta m'manja n'kumapita, osadziwa kuti pa makina omwewo pali makope ena atatu kapena anayi a kaundula yemweyu, lililonse ndi zaka zake. Pa seva yanga ija, nditakonza phukusi, mauthenga anapitirizabe kulakwika, poti pulogalamu yotumiza mauthengayo inkawerenga kope lakelake.

Java imayenda ndi kope lake mu fayilo ya tzdb.dat. Kuti mudziwe zaka zake, tsegulani `jshell` mulembe:

```
java.time.zone.ZoneRulesProvider.getVersions("UTC").keySet()
```

Pa makina a Red Hat amene ali ndi phukusi la tzdata-java, likwezeni pamodzi ndi tzdata. Kwina konse njira yodalirika ndi kukweza JDK, ndiye kuti Java yeniyeniyo. Samalani kwambiri ndi mapulogalamu amene anabwera ndi Java yawoyawo m'foda ya /opt, chifukwa apt ndi dnf sazidziwa n'komwe kuti ziliko.

Python ili pawiri. Gawo la zoneinfo, limene linabwera ndi Python 3.9, limayamba lawerenga za makina, ndipo likazisowa ndi pamene limatembenukira ku phukusi la tzdata la pip. Koma pytz yoikidwa ndi pip imanyamula kope lake. Lowani mu venv iliyonse payokha (foda imene pulogalamu ya Python imasungamo maphukusi akeake), muone ndi `python -c "import pytz; print(pytz.OLSON_VERSION)"`, kenako `pip install -U pytz tzdata`. Onaninso requirements.txt, chifukwa ngati nambala ya pytz inakhomeredwa mmenemo, tsiku lodzaikanso pulogalamuyo yakale ija idzabwereranso.

Pa PHP lembani `php -r 'echo timezone_version_get();'`. Ikayankha kuti 0.system, ndiye kuti ikuwerenga za makina ndipo mwamaliza. Ikayankha chaka ndi nambala, ikhoza kukhala ndi kope lake, limene limasintha mukakweza PHP kapena mukaika timezonedb ya PECL. Node.js nayo ili ndi lake, ndipo `node -p process.versions.tz` ikuuzani kuti ndi la liti.

MySQL ndi MariaDB zimasunga malamulowa m'matebulo awo, ndipo matebulowo sadzisintha okha. Muyenera kuwathira pamanja nthawi iliyonse tzdata ikasintha:

```
mysql_tzinfo_to_sql /usr/share/zoneinfo | mysql -u root -p mysql
```

Mukatero yambitsaninso database, kenako yesani:

```
SELECT CONVERT_TZ('2023-05-02 10:00','Africa/Blantyre','Africa/Cairo');
```

Yankho loyenera ndi 11:00. Likabwera 10:00, matebulo ndi akale. Likabwera NULL, ndiye kuti sanathiridwepo chiikireni. PostgreSQL yochokera ku apt kapena dnf imawerenga za makina, choncho kuiyambitsanso n'kokwanira. Imene munaimanga nokha kuchokera ku gwero imagwiritsa ntchito kope lake, pokhapokha ngati munaiuza `--with-system-tzdata` poimanga.

Otsiriza ndi makontena a Docker. Kontena iliyonse ndi kanyumba kakekake, ndipo zimene mwasintha pa seva sizilowa m'katimo. Ina, monga ya Alpine ndi Ubuntu, imabwera yopanda tzdata n'komwe, moti mukaipatsa TZ=Africa/Blantyre imangokhalabe pa UTC. Ikani tzdata mu Dockerfile, ndipo pomanganso lembani `docker build --pull --no-cache`, apo ayi Docker itenga zimene inasunga kale n'kukubwezerani zakale zomwezo. Kumene kumanganso n'kovuta, ndimalowetsa foda ya seva m'kontenamo ndi `-v /usr/share/zoneinfo:/usr/share/zoneinfo:ro`. Zimathandiza mapulogalamu owerenga za makina, koma Java kapena Node.js ya m'katimo imakhalabe ndi kope lake.

Makina amene eni ake anasiya kuwasamalira

M'maofesi ambiri muli seva zimene zikugwirabe ntchito pa Linux imene inatha nthawi yake, monga CentOS 7 imene inasiya kulandira zosintha pa 30 Juni 2024. Mankhwala enieni ndi kusamukira pa yatsopano, ndipo ndikukupemphani kuti muikonzekere ntchito imeneyo, chifukwa makina oterewa akusowanso zotchinga za chitetezo. Koma podikira tsikulo, tzdata mungaimange nokha. Mufunika gcc ndi make.

```
mkdir tz && cd tz
wget https://www.iana.org/time-zones/repository/tzcode-latest.tar.gz
wget https://www.iana.org/time-zones/repository/tzdata-latest.tar.gz
tar xzf tzcode-latest.tar.gz
tar xzf tzdata-latest.tar.gz
make TOPDIR=$HOME/tzdir ZFLAGS='-b fat' install
```

Tatenga tzcode pamodzi ndi tzdata chifukwa zic, chida chomangira mafayilowa, imene ili pa makina akale siimva kalembedwe kena ka masiku ano. Mawu akuti `-b fat` nawo ndi ofunika. Kuyambira pa 2020b, zic imatulutsa mafayilo ang'onoang'ono amene mapulogalamu ena akale amawawerenga molakwika, ndipo `-b fat` imawabwezera m'maonekedwe amene iwo anazolowera.

Zonse zagwera m'foda yanu, za makina sizinakhudzidwe. Yesani kaye:

```
TZ=$HOME/tzdir/usr/share/zoneinfo/Asia/Almaty date
```

Zikalondola, sungani zakale musanaphimbe, kenako koperani:

```
sudo cp -a /usr/share/zoneinfo /root/zoneinfo-yakale
sudo cp -r --remove-destination $HOME/tzdir/usr/share/zoneinfo/. /usr/share/zoneinfo/
```

Mawu a `--remove-destination` musawasiye. Mafayilo ambiri m'fodayi ndi omangirirana, dzina ili ndi ilo n'kukhala fayilo imodzi, ndipo kulemba pamwamba pa limodzi kukhoza kusintha linzake limene silinayenera kusintha. Pa makina a SELinux malizani ndi `sudo restorecon -R /usr/share/zoneinfo`. Siyaninso kakalata penapake konena zimene mwachita ndi tsiku lake, chifukwa `rpm -q tzdata` idzapitiriza kutchula nambala yakale, ndipo mnzanu wodzagwira makinawo pambuyo panu adzasokonezeka. Njira imeneyi musaigwiritse ntchito pa makina amene akulandirabe zosintha.

Kuti zizichitika zokha

Palibe amene angamakumbukire kuyang'ana tzdata sabata iliyonse. Pa Debian ndi Ubuntu ikani unattended-upgrades, kenako tsegulani /etc/apt/apt.conf.d/50unattended-upgrades. Pa Debian, mzere wa updates umabwera wotsekedwa ndi timizere tiwiri kumayambiriro kwake. Tichotseni kuti tzdata izilowa yokha. Pa Fedora ndi Red Hat ntchitoyi ndi ya dnf-automatic, koma onani kuti simunaiuze kuti izitenga za chitetezo zokha, chifukwa kumeneko tzdata kawirikawiri siwerengedwa m'gulu limenelo. Kumbukirani kuti zimenezi zikukonza kope la makina lokha. Java, pip, MySQL ndi makontena zikudikirabe dzanja lanu. Ine ndimazizungulira zonse kumayambiriro kwa Malichi ndi kwa Okutobala, chifukwa ndi m'nyengo zimenezi pamene mayiko ambiri amasuntha mawotchi. Amene muli ndi abale ku London mukudziwa kale kuti kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi timasiyana nawo ola limodzi, ndipo kuyambira Lamulungu lomaliza la Okutobala, maola awiri.

Ngati laputopu yanu ili ndi Windows ndi Linux pamodzi, ndipo mukachoka kwina kupita kwina wotchi imasiyana ndi maola awiri ndendende, vuto limenelo si la tzdata. Windows imalemba nthawi ya kwanu pa kawotchi ka m'kati mwa kompyuta, pamene Linux imayembekezera UTC. `timedatectl set-local-rtc 1` imathetsa mkanganowo pa laputopu, koma pa seva siyani pa 0.

Zimene zinasungidwa kale

Kukonza tzdata sikukonza zimene database inalemba pogwiritsa ntchito malamulo akale. Tinene kuti mu Febuluwale 2023 wina analembetsa msonkhano wa 9 koloko m'mawa ku Cairo wa mwezi wa Meyi. Pulogalamu inausandutsa 07:00 UTC n'kusunga. Lamulo litasintha, 07:00 UTC ija inakhala 10 koloko ku Cairo, pamene munthuyo ankafuna 9 koloko. Ndi mmenenso timestamptz ya PostgreSQL imachitira: imasunga mphindiyo mu UTC, dzina la dera silisunga.

Choncho pa zinthu zimene zinachitika kale, monga malipiro ndi zolembedwa mu log, UTC ndiyo yoyenera. Pa zinthu za m'tsogolo zimene munthu anazitchula mu nthawi ya kwawo, sungani zinthu ziwiri, nthawi imene anatchulayo ndi dzina la dera monga Africa/Cairo, ndipo UTC muziiwerengera tsikulo likayandikira. Ngati pulogalamu yanu inasunga UTC yokha, werengani fayilo ya NEWS ya m'phukusi la IANA kuti mudziwe madera amene asintha ndi tsiku loyambira, tulutsani mu database zonse za m'tsogolo za maderawo zimene zinalembedwa musanaike tzdata yatsopano, musunthe nthawi yake ndi ola limene lasinthalo, kenako mutumizirenso eni ake uthenga wa nthawi yolondola.